Mfutso wa ng'ombe ndi mkaka wa mwana: ganizani bwino musanagule makina odinda mabelo

Ngati mumaweta ng'ombe ya mkaka ku Chambe, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mwezi wa Okutobala mumaudziwa bwino. Nsenjere za m'malire mwa munda zimakhala zitatha, mapesi munadyetsa kale kapena anapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo ana amalawirira kukamweta tiudzu m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula asanapite ku sukulu. Ng'ombe imene mu Febuluwale inkadzaza ndowa, pano ikutulutsa wongonyowetsa pansi. Wochepawo mumakagulitsa kuti mupeze ya sopo ndi mchere, ndipo woyamba kumanidwa ndi mwana wa pakhomo pomwepo. Phala lake limabwerera kukhala la mgaiwa ndi madzi basi.

Tiyerekeze kuti pa msonkhano wa gulu lanu wina wabwera ndi kanema pa foni, mwina m'bale amene anagwirapo ntchito m'mafamu a ku Joni. Mukuona thirakitala ikukoka chimakina chimene chikumeza udzu n'kulavula chimpukutu chachikulu, kenako china chikukulunga chimpukutucho ndi pulasitiki woyera mpaka kuoneka ngati dzira. Akuti udzu wa m'menemo umatha chaka osaonongeka. Funso labuka: kodi titenge ngongole tigule makina amenewa?

Funsoli ndi la ulimi, komanso ndi la umoyo. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Mkaka uli m'gulu la zakudya zochokera ku nyama, limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, ndipo ndi gulu limene limasowa kwambiri m'mbale ya mwana wa kumudzi. Kusunga chakudya cha ng'ombe ndiko kusunga mkaka wa m'chilimwe. Koma chakudya chosungidwa molakwika chimadwalitsa ng'ombe, mwana womwa mkakawo ndi mlimi wodyetsayo, ndipo makinawo amadula manja. Tiyeni tione zonsezi mwatsatanetsatane.

Njira ziwiri: kufutsa ndi kusasitsa

Njira zosungira udzu zilipo ziwiri, ndipo zonse mumazidziwa kale kuchokera kukhitchini. Yoyamba ndi ya mfutso. Monga mmene amayi amayanikira khwanya ndi nkhwani kuti zidzathandize ndiwo zikasowa, udzu nawo umamwetedwa ukadali wobiriwira, n'kuyanikidwa masiku awiri, atatu kapena anayi a dzuwa, kenako n'kumangidwa. Tizilombo toononga chakudya sititha kuswana popanda madzi. Udzu wouma bwino umatsala ndi madzi osaposa magawo 15 mpaka 18 pa 100 alionse. Mapesi a chimanga, mapesi a mpunga ndi zotsalira za mtedza zimasungidwanso chimodzimodzi.

Yachiwiri ndi ya chambiko. Mkaka umasasa chifukwa cha mabakiteriya abwino amene amadya shuga wa mu mkakamo n'kutulutsa asidi. Mabakiteriya a mtundu womwewo alipo pa masamba a udzu. Mukatsendera udzu waufota pamalo posalowa mpweya, iwo amadya shuga wa m'udzumo, asidi amachuluka, ndipo tizilombo towoletsa timalephera kukula. Chakudya chimenechi ndicho chimatchedwa sayileji. Chinsinsi chake n'chimodzi: mpweya usalowe. Pamene mpweya walowa, chuku chimamera.

Ku Mulanje kusankha pakati pa njira ziwirizi kumadalira mitambo. Udzu umakhala ndi chakudya chambiri usanachite maluwa, cha mu Febuluwale ndi Malichi, pamene mvula ikugwa pafupifupi tsiku ndi tsiku. Mvula ikatha, kuyambira mu Meyi mpaka Ogasiti, kumabwera chiperoni, mvula yamawawa ija yobwera ndi nkhungu, imene imatha kunyowetsa udzu umene mwayanika dzulo. N'chifukwa chake mlimi wa kuno amafunika njira zonse ziwiri: sayileji m'nyengo ya mvula, udzu wouma ndi mapesi dzuwa likakhazikika.

Makinawo amagwira bwanji ntchito?

Dzina lake pa msika ndi round baler. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya jeke wodindira fodya, kungoti iwo amadinda akuyenda ndipo belo lake limatuluka lozungulira. Kutsogolo kuli mano achitsulo amene amatola udzu umene waunjikidwa m'mizere, n'kuulowetsa m'chimimba cha makinawo mmene umapotedwa ngati mkeka wopindidwa. Belo likakwana, limamangidwa ndi chingwe kapena ukonde, chitseko cha kumbuyo chimatseguka, belolo n'kugwa pansi.

Makinawa si achilendo pa dziko. Kampani ya Allis-Chalmers ya ku America inayamba kugulitsa makina odinda timabelo tozungulira ting'onoting'ono mu 1947, ndipo mu 1971 mlimi wina wa ku Iowa, Gary Vermeer, anapanga makina odinda mabelo akuluakulu. Cholinga chake chinali chakuti munthu mmodzi azitha kukolola udzu wa munda waukulu popanda aganyu, chifukwa kumeneko minda ndi yaikulu koma anthu ogwira ntchito ndi ochepa. Kumbukirani mfundo imeneyi, popeza kwathu kuno zinthu zili mosemphana.

Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. Wina uli ndi chimimba chosasintha kukula, chozunguliridwa ndi migudumu yachitsulo. Mabelo ake amatuluka ofanana, kawirikawiri mita 1.2 m'litali ndi m'mimba mwake. Mtundu umenewu ndi wolimba, wosavuta kukonza, ndipo umapirira udzu wonyowa wa sayileji. Wina uli ndi malamba amene amatanuka pamene belo likukula, choncho mumasankha nokha kukula kwa belo, ndipo limatsenderedwa mwamphamvu kuyambira pakati. Umenewu umachita bwino pa udzu wouma ndi mapesi, koma ndi wodula ndipo malamba ake amatha. Ena mwa makinawa ali ndi mipeni yodula udzu usanalowe, zimene zimathandiza kuti belo la sayileji lisatsale ndi mpweya wambiri m'kati.

Dziwaninso kuti makinawa sayenda okha. Amafuna thirakitala ya mphamvu, kawirikawiri yoposa horsepower 60, makina omwetera, makina ounjika udzu m'mizere, makina okulunga pulasitiki ngati mukufuna sayileji, komanso chonyamulira mabelo. Belo la udzu wouma la mita 1.2 limalemera makilogalamu oposa 200, pamene la sayileji limafika 500 mpaka 700. Palibe wolisenza pamutu kapena kulikweza pa njinga. Paja walira mvula walira matope.

Tiwerengere limodzi

Musanakambe za ngongole, tengani cholembera. Ng'ombe ya mkaka yolemera makilogalamu 400 imadya udzu wouma pafupifupi makilogalamu 10 pa tsiku. Tiyerekeze kuti nyengo ya njala ya ziweto ndi ya masiku 120, kuchokera mu Ogasiti kufika kumapeto kwa Novembala. Ndiye kuti ng'ombe imodzi ikufuna makilogalamu 1,200, omwe ndi mabelo akuluakulu asanu kapena asanu ndi limodzi. Banja la ng'ombe ziwiri likufuna mabelo osaposa 12 pa chaka. M'munda wosalala, makinawa amatha kudinda mabelo oposa 20 pa ola limodzi. Ntchito ya banja lonselo ya chaka chathunthu ingathe ola lisanakwane, kenako makinawo n'kukhala akuchita dzimbiri.

Masamu achiwiri ndi amene amakhudza umoyo. Ng'ombe imadya sayileji pafupifupi makilogalamu 25 pa tsiku. Ng'ombe ziwiri, makilogalamu 50. Belo la makilogalamu 600 lingakutengereni masiku 12 kuti lithe. Koma belo likatsegulidwa, mpweya umalowa, ndipo m'kutentha kwa Okutobala limayamba kutentha ndi kuchita chuku pakangotha masiku ochepa. Theka loyamba ng'ombe zidzadya chakudya chabwino, theka lachiwiri zidzadya chowola. Belo lalikulu la sayileji linapangidwira khola la ng'ombe zambiri zoti n'kulimaliza masiku awiri kapena atatu.

Alimi ambiri a mkaka a m'maboma a Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre, amene magulu awo ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, amaweta ng'ombe imodzi, ziwiri kapena zitatu, zodyera m'khola. Kwa banja lotere palokha, makina akuluakulu si yankho. Angathandize esiteti, famu yaikulu, kapena munthu amene akufuna kuchita bizinesi yogulitsa udzu.

Mafunso oti gulu lifunse

Ngati gulu lanu likuganizirabe zogula, kapena kubwereka makina kwa wina, yambani ndi munda. Minda yathu ili ndi mizere, zitsa, zulu ndi miyala, makamaka m'munsi mwa phiri mmene madzi a namondwe wa Freddy anasiya miyala ndi mchenga mu Malichi 2023. Mano otola udzu amathyoka pa malo otere, ndipo amakokolola dothi n'kulilowetsa m'belo. Dothi m'sayileji ndi gwero la matenda, monga tionere kutsogoloku. Kodi gulu lili ndi malo osalala, aakulu, odzalidwa udzu wokhawokha?

Chachiwiri, mukufuna kudinda chiyani? Makinawa amakonda udzu wa timitengo ting'onoting'ono monga Rhodes grass, kapena mapesi a mpunga onga amene amatsala m'madambo a ku Phalombe. Nsenjere ndi mapesi a chimanga ndi zokhuthala ndi zolimba. Zimasiya mipata ya mpweya m'belo ndipo zimaboola pulasitiki. Zimenezi zimafuna kuduladula kaye.

Chachitatu ndi pulasitiki ndi zipangizo zosinthira. Belo la sayileji limafuna kukulungidwa kanayi kapena kasanu ndi kamodzi ndi pulasitiki wapadera wotanuka, tsiku lomwelo limene ladindidwa. Pulasitikiyo, ukonde, malamba ndi mano zonse zimachokera kunja, ndipo mukukumbukira mmene mitengo ya katundu wakunja inakwerera kwacha itatsika mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Funsani wogulitsa kuti zipangizozo amasunga kuti, ndipo makanika wake angafike ku Chambe pakatha masiku angati. Udzu womwetedwa sudikira.

Alipo makina ang'onoang'ono odinda timabelo ta makilogalamu 20 mpaka 30, okokedwa ndi thirakitala yaing'ono. Aliponso ena oima pamalo amodzi, amene amatsendera ndi kukulunga nsenjere kapena chimanga choduladula m'timabelo ta makilogalamu 50 kapena kuposerapo pang'ono. Amenewa ndiwo akuyandikirako ku khola la kwathu, chifukwa belo limodzi limatha tsiku limodzi kapena awiri. Ngati gulu lili ndi ndalama zogulira chinthu chimodzi chokha, makina oduladula udzu ndi mapesi ndiwo angathandize mamembala ambiri, ndipo ali pa mawilo angathe kuzungulira makomo.

Njira zimene mungayambe chaka chino

Belo la udzu wouma mungathe kudinda ndi bokosi lamatabwa lopanda chivindikiro, lotalika pafupifupi mita imodzi, theka la mita m'lifupi ndi theka la mita kuya kwake. Mumayala zingwe ziwiri m'katimo, n'kumaikamo udzu pang'onopang'ono munthu akupondaponda, kenako n'kumanga. Belo lotere limalemera makilogalamu 15 mpaka 20. Ng'ombe imodzi ikufuna mabelo otere 60 mpaka 80 pa chilimwe. Sungani pa thandala, pansi pa denga losadontha, kutali ndi khitchini.

Kuti mudziwe ngati udzu wauma, dulani pang'ono muike m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali kapena kuumbika, udzuwo sunaume. Mapesi okha sakwanira kutulutsa mkaka chifukwa alibe zomanga thupi zokwanira. Sakanizani ndi masamba a nandolo, zotsalira za mtedza kapena lukina. Musachotse mapesi onse m'munda, chifukwa nthaka nayo imawafuna.

Sayileji mungapange m'dzenje loyalidwa pulasitiki, lokumbidwa pamalo okwera posaima madzi, kapena m'matumba akuluakulu okhuthala a pulasitiki. Mwetani nsenjere zikafika m'chiuno kapena m'chifuwa, osadula mpaka pa dothi. Zifote tsiku limodzi, kenako ziduleni tizidutswa tosaposa theka la chala. Finyani dzanja lodzaza: madzi akadontha, n'zonyowa kwambiri, zikangomwazika mukatambasula dzanja, zauma kwambiri. Nsenjere zili ndi shuga wochepa, choncho wazani molasesi wosungunula m'madzi, makilogalamu 3 mpaka 5 pa makilogalamu 100 a udzu. Pondani kwambiri gawo lililonse, tsekani tsiku lomwelo, n'kukwirira dothi pamwamba. Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi chakudya chapsa. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu angakuthandizeni kukula kwa dzenje molingana ndi ng'ombe zanu.

Sayileji wabwino amaoneka wobiriwira mopita kuchikasu ndipo amanunkhira mosasa bwino. Woipa ndi wakuda, woterera, wonunkha, kapena wa mawanga oyera, obiriwira ndi ofiira. Belo likhoza kuwala kunja koma khoswe, mbalame kapena mwana wosewera ataboola kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani mabelo ndi matumba sabata iliyonse ndipo matani pobooka nthawi yomweyo.

Chuku: kuchoka m'khola kufika m'kapu

Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe uja amakanitsa mtedza wathu pa misika yakunja. Asayansi anamutulukira nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya chopangidwa ndi mtedza wachuku. Mu 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chachuku. Ukamadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, poizoniyu amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa anthu amene ali ndi matenda a hepatitis B. Akatswiri apezanso kuti ana amene amadya poizoniyu kawirikawiri amakula monyentchera.

Ng'ombe ikadya chakudya chokhala ndi aflatoxin, gawo lina limatulukira mu mkaka pasanathe tsiku limodzi. Mkakawo susintha mtundu, fungo kapena kukoma, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa: kuwiritsa sikumuchotsa poizoniyu. Chitetezo chili m'khola. Poizoniyu amapezeka kwambiri m'chimanga chowola, m'madeya osungidwa ponyowa ndi m'mtedza wonyala, kuposa m'udzu weniweni. Chizolowezi chonena kuti “chowolachi tipatse ziweto” n'chimene chimabweza poizoni pa mkeka wodyera. Nkhani yabwino ndi yakuti mukasiya kudyetsa chakudya choipacho, mkaka umayera pakatha masiku atatu kapena anayi.

Matenda a sayileji woonongeka

M'dothi mumakhala bakiteriya wotchedwa Listeria. Mu sayileji wosasa bwino sakula, koma amaswana pamene mwalowa mpweya ndi dothi. Ng'ombe kapena mbuzi ikamudya imatha kutaya bere, kupendeketsa mutu, kudontha dovu kapena kumangozungulira mbali imodzi. Angapezekenso mu mkaka. Kwa munthu wamkulu wathanzi, matendawa amangokhala ngati chimfine. Kwa mayi woyembekezera angachititse kupita padera kapena kubereka mwana wakufa, ndipo kwa khanda, nkhalamba ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika angayambitse matenda oumitsa khosi. Ku South Africa mu 2017 ndi 2018 anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira ndi bakiteriya yemweyu, ngakhale kumeneko anachokera mu poloni.

Mwayi wake ndi wakuti moto umamupha. Wiritsani mkaka wonse mpaka ubwadamuke, ngakhale wa ng'ombe yanu imene mukuiona kuti ili bwino. Kuwiritsa kumaphanso tizilombo ta TB ya ng'ombe ndi ta matenda otayitsa bere otchedwa brucellosis. Ngati mukupanga chambiko, wiritsani kaye mkakawo, uzizire, kenako muthiremo chambiko chabwino pang'ono kuti usase. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere lokha. Akapitirira pamenepo, mkaka wowiritsa mungauthire m'phala uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposa.

Makina akamatola udzu amatha kumeza khoswe, njoka kapena mbalame yakufa. Nyama yowolera m'belo lotsekedwa ingatulutse poizoni woopsa wa matenda a botulism, amene amalefula ng'ombe miyendo ndi lilime mpaka kufa. Mukapeza chakufa m'belo, tayani belo lonselo. Nyama ya ng'ombe yofa yokha musadye kapena kugulitsa. Dyetsani sayileji mukatha kukama, osati musanakame, kuti fungo lake lisalowe mu mkaka.

Chifuwa chimene si malungo kapena TB

Udzu womangidwa usanaume umatentha m'kati, ndipo mumamera tizilombo totulutsa fumbi losaoneka bwino ndi maso. Mlimi akamamasula belo m'khola lotsekeka amapuma fumbilo. Pakatha maola anayi mpaka asanu ndi atatu thupi limatentha, amanjenjemera, amatsokomola chifuwa chouma, amabanika ndi kuphwanya thupi. Madokotala a ku England analemba za matendawa koyamba mu 1932, ndipo amawatcha chifuwa cha alimi. Si opatsirana. Ndi thupi limene likulimbana ndi fumbilo mopitirira muyezo, mpaka mapapo kutupa.

Kuchipatala n'zosavuta kuwasokoneza ndi malungo, chibayo kapena TB, chifukwa zizindikiro n'zofanana. Pitani mukayezetse ndithu malungo ndi makhololo, koma muuzeni dokotala ntchito imene mumagwira, ndipo nenani ngati mumadwala madzulo a tsiku limene mwagwira udzu n'kupezako bwino mukatalikirana nawo. Mawu amenewo ndiwo angatithandize ife a chipatala kupeza vuto. Munthu akapitiriza kupuma fumbilo kwa zaka, mapapo amachita zipsera zosachira. Masulirani mabelo panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Valani masiki yothina bwino, ndipo ana ndi anthu a mphumu asayandikire. Udzu wachuku musayalire ng'ombe pogona. Ukwirireni ukhale manyowa.

Udzu wotentha m'kati ungathenso kuyaka wokha, makamaka m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira. Lowetsani chitsulo chachitali pakati pa mulu, dikirani mphindi 15. Chikatuluka chotentha moti simungachigwire, chotsani ana ndi ziweto, konzani madzi, ndipo musakwere pamwamba pa muluwo.

Ngozi za makina

Pakati pa thirakitala ndi makina pali chitsulo chozungulira chimene chimapereka mphamvu. Chimazungulira ka 540 pa mphindi, kutanthauza kasanu ndi kanayi pa sekondi imodzi. Chikakola nsonga ya chitenje, mkono wa malaya kapena mpango, munthu sapeza mpata wodzichotsa. Ngozi ina yofala imachitika udzu ukatsekeka pakamwa pa makina, woyendetsa n'kuyesa kuukankha ndi phazi kapena dzanja injini ikulira. Lamulo ndi limodzi, ndipo likhudzanso makina ang'onoang'ono oduladula udzu: zimitsani injini, chotsani kiyi, dikirani zonse ziime, kenako gwirani. Chotchinga cha chitsulo chozunguliracho chikasweka, makinawo asagwire ntchito mpaka chitabwezeretsedwa.

Belo lozungulira limagubuduzika. Pa malo otsetsereka onga a m'munsi mwa phiri la Chambe, belo la theka la tani likayamba kuyenda palibe angaliimitse. Ana asasewere pa mabelo kapena pansi pa mulu wake. Dzenje la sayileji lisakhale lakuya mopitirira chifuwa cha munthu wamkulu, ndipo lopanda kanthu likwiriridwe kapena kutchingidwa mvula isanalidzaze madzi. Zidutswa za pulasitiki ndi ukonde tolani zonse. Ng'ombe ikameza zimaunjikana m'mimba, ndipo kuziotcha pafupi ndi nyumba kumatulutsa utsi woipa ku mapapo.

Munthu akavulala, zimitsani makina choyamba. Tsinikizani bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu osasiya, kwezani chiwalocho, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Musathire dothi, phulusa, mafuta a galimoto kapena masamba otafuna. Bala la kumunda ngakhale laling'ono lingabweretse kafumbata, choncho funsani za katemera wake.

Kwa inu mavolontiya

Mukamayendera makomo amene ali ndi ng'ombe kapena mbuzi za mkaka, musathere pa chimbudzi ndi mpondagiya. Pemphani kuona pamene asungira madeya ndi udzu, mununkhize, muone ngati thumba lili pa thandala kapena pa dothi. Funsani mayi ngati mkaka amawiritsa nthawi zonse, komanso ngati mwana amasiyiridwako kapu imodzi mkaka usanapite kogulitsa. Funsani amene amadyetsa ng'ombe ngati amatsokomola akatha ntchitoyo. Mukamva kuti ng'ombe zataya bere kapena zikuzungulira, dziwitsani mlangizi wa ziweto ndi mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo, ndipo mayi woyembekezera wa pakhomopo akatentha thupi apite kuchipatala msanga, akanene za ng'ombezo.

Pa msonkhano wa gulu, nkhani ya makina ikadzabukanso, pemphani kuti muyambe mwawerenga ng'ombe zanu, masiku a njala ndi kukula kwa minda, kenako mufunse kuti belo limodzi lidzatha masiku angati litatsegulidwa. Ngati yankho lake ndi loposa masiku atatu, belolo ndi lalikulu kuposa khola lanu. Matabwa a bokosi, zingwe ndi pulasitiki wa dzenje konzeranitu mu Januwale, nsenjere zisanakhwime.